Ndemanga yanga pa Suzuki V-Strom 650XT nditasiya njinga yamoto yaikulu ya ku Ulaya

Papita miyezi 18 chigulitsire njinga yamoto yaikulu ya ku Ulaya imene ndinayenda nayo zaka zinayi, n'kugula Suzuki V-Strom 650XT ya mu 2019, yomwe mwini wake woyamba anaigwiritsapo ntchito ku South Africa. Pofika lero ndayenda nayo makilomita oposa 14,000, ambiri mwa iwo pakati pa Zomba, Blantyre, Mangochi ndi Lilongwe, ndipo ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ndinenepo maganizo anga, makamaka chifukwa anzanga okonda maulendo ataliatali a pa njinga akhala akundifunsa ngati sindinong'oneza bondo kuti ndinasiya yaikulu n'kutenga yocheperapo.

Dzina la kampani imene inapanga njinga yakaleyo ndilisunga, popeza mlandu sunali wa iwo ayi. Njingayo anaipangira misewu yosalala ya kwawo, ine ndi amene ndinaibweretsa kwathu kuno. Inali ndi injini yoposa 1,000 cc, inkayendera shafuti m'malo mwa tcheni, galasi lake lotchinga mphepo linkakwera ndi kutsika pongodina batani, ndipo mabokosi a katundu anali obadwa nawo. Pa msewu wa M3, munthu ukadutsa Thondwe ndi Namadzi kulowera ku Blantyre, inkakhazikika pansi ngati galimoto, moti ngakhale tsiku la chiperoni ndinkafika ku Limbe malaya ali ouma pachifuwa. Zimenezi ndimazikumbukirabe, ndipo ndingakhale ndikunama nditanena kuti V-Strom imafikapo pamenepo.

Chimene chinandisintha maganizo chinachitika pa msewu wokwera ku Ku Chawe, pa phiri la Zomba. Amene anaukwerapo akudziwa kuti ndi wopapatiza, makona ake ndi akuthwa, ndipo m'mawa mumatsika abambo okankha njinga zakapalasa zosanjikiza nkhuni kupitirira msinkhu wawo. Tsiku limenelo ndinali ndi mayi a kunyumba kumbuyo. Pa kona ina ndinakumana ndi lole ya matabwa itadya mbali yanga, ndinaima pamalo opendekeka, phazi lakumanzere n'kutera pa timiyala ta m'mphepete mwa phula. Njinga itangoyamba kupendama ndinadziwa kuti palibe chimene ndingachite, chifukwa chitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 300, kuwonjezapo katundu ndi munthu wachiwiri, mwendo umodzi sungachibweze. Tinagwa mwapang'onopang'ono, palibe anavulala, koma panafunika amuna atatu a nkhuni aja kuti tiidzutse. Mayi atadzisasa fumbi anandiyang'ana n'kunena modekha kuti, "Bambo, kodi zikanachitika muli nokha kuthengo, mukanatani?" Funso limenelo ndinapita nalo kunyumba, ndipo yankho lake ndinalibe.

Patangopita milungu ingapo panayaka nyali yochenjeza pa dashibodi. Makaniko amene amandikonzera njinga kuno ku Zomba, munthu wodziwa ntchito yake amene sanandikhumudwitsepo, anaizungulira kawiri n'kunena kuti, "Achimwene, iyi imafuna kompyuta ya kwawo. Ndikaigwira ndi manja ndikuonongerani." Kachipangizo kamene kanafa kanali kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, koma kanayenera kuchokera ku Johannesburg, pa nthawi imene ndalama zakunja zinali kusowa m'mabanki. Njinga inakhala m'galaja milungu isanu ndi iwiri, nyengo yabwino yoyendera ya mwezi wa May ndi June ikudutsa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti m'zaka zinayizo ndinali nditayamba kusankha maulendo potsatira zofuna za njinga, osati zanga. Ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, sindinkapita poopa fumbi ndi mchenga, kumtunda kwa phiri sindinkapitirira pamene phula lathera, ndipo mvula ikagwa ndinkaisiya pakhomo.

Tsopano za V-Strom. Injini yake ndi ya 645 cc, ya masilinda awiri okhala ngati chilembo cha V, yoziziritsidwa ndi madzi. Si yachilendo, chifukwa inayambira mu njinga ya Suzuki SV650 mu 1999, ndipo V-Strom 650 yeniyeniyo inatuluka mu 2004, kenaka n'kukonzedwanso mu 2012 ndi mu 2017. Yangayi ndi ya mtundu wa mu 2017 kupita mtsogolo. Mphamvu zake ndi pafupifupi 70 hp, zomwe ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi njinga yakale ija, ndipo sabata yoyamba ndinkamva kusiyanako ndikamapitirira malole pa chitunda. Koma m'misewu yathu, momwe pa makilomita ochepa alionse pali msika, mbuzi, ana a sukulu kapena apolisi a pamsewu, mphamvu zimenezi n'zokwana ndithu. Chimene ndaikondera injiniyi n'chakuti imakoka bwino ikamazungulira pang'onopang'ono, moti makona a ku Ku Chawe aja ndimawakwera mu giya 2 osavutika ndi kilachi. Ilinso ndi kachipangizo kotchedwa Low RPM Assist, komwe kamakweza injini pang'ono pamene ukunyamuka kuti isazime, ndipo phindu lake ndimaliona pafupi ndi msika wa Zomba masana, pamene umayenda mokwawa pakati pa maminibasi, a kabaza ndi anthu oyenda pansi.

Kulemera kwake ndi makilogalamu 216 thanki itadzaza. Si njinga yopepuka, ndipo amene anazolowera njinga za kabaza adzaimva kulemera, koma kusiyana kwa makilogalamu pafupifupi 80 ndi yakale ija n'kumene kwasintha zonse. Nditangoigula ndinaigoneka dala pa kapinga wa pakhomo kuti ndione ngati ndingaidzutse ndekha, ndipo ndinaidzutsa, nditaifulatira n'kukankha ndi miyendo monga amaphunzitsira. Chishalo chake n'chokwera mamilimita 835 kuchokera pansi. Ine ndine wa msinkhu wapakatikati, ndipo ndimaponda ndi nsonga za mapazi onse awiri, kapena phazi limodzi lonse ndikasendera mbali. Munthu wamfupi ayambe wakhalapo asanalipire.

Mbali imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya matayala, chifukwa ndi imene anthu ambiri saiganizira pogula. Njinga yakale inali ndi malimu a mainchesi 17 kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo dzenje lililonse ndinkalimva m'mapewa, mtima uli m'mwamba kuti limu lapindika. V-Strom ili ndi mainchesi 19 kutsogolo ndi 17 kumbuyo. Tayala lalikulu likafika pa dzenje limagubuduka pamwamba pa mlomo wa dzenjelo m'malo momira n'kugunda, ndipo ichi n'chifukwa chake mainchesi awiri okhawo amamveka ngati ambiri. Mtundu wa XT uli ndi malimu a masipoko, omwe amalola kupindika pang'ono n'kubwerera akagunda mwala, koma matayala ake ndi opanda chubu. Ubwino wa zimenezi ndinauona madzulo ena pafupi ndi Songani pochokera ku Liwonde, pamene msomali unalowa m'tayala lakumbuyo. Mpweya sunatuluke kamodzi n'kamodzi monga zimachitikira ndi chubu. Ndinamva njinga ikugwedezeka m'chiuno, ndinapatuka, ndinazula msomaliwo ndi pulayala, n'kutseka bowolo ndi kachingwe ka labala kamene ndimayenda nako. Mnyamata wina wokonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango anandibwereka pampu yake, tinapopa mosinthana mpaka thukuta, ndipo ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, osamasula tayala.

Chifukwa cha matayala amenewa ndayambanso kupita kumene ndinasiya. Ndafika ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa kangapo, ndakwera phiri la Zomba mpaka ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View pa misewu ya m'nkhalango, ndipo ndayenda njira ya ku Jali kukatulukira ku Phalombe, phiri la Mulanje lili patsogolo panga. Komabe ndichenjeze kuti iyi ndi njinga ya pa phula yomwe imalolera fumbi, si ya m'matope kapena mumchenga wakuya. Mpata wa pakati pa injini ndi nthaka ndi pafupifupi mamilimita 170, ndipo fyuluta ya oyilo ndi paipi ya utsi zili kutsogolo m'munsi, kumene miyala imathamangira. Ine ndinaikapo chitsulo chotchinga pansi ndisanayambe maulendo a kufumbi, ndipo aliyense wofuna kuyenda njira zoterezi achite chimodzimodzi. Mabuleki ake ali ndi ABS, njira yoletsa matayala kukhukhuluzika ukagwira buleki mwamphamvu, yomwe siizimitsidwa, choncho potsetsereka pa miyala yosakhazikika munthu ayenera kutsika ndi giya yaing'ono m'malo modalira buleki. Kachipangizo koletsa tayala lakumbuyo kupalasa, kamene amati traction control, kali ndi magawo awiri ndipo kamazimitsika, zomwe zimathandiza pokwera chitunda cha fumbi.

Za mafuta ndinene momveka, chifukwa tonse tikudziwa mmene mizere ya pa mafilingi siteshoni yativutitsira m'zaka zaposachedwapa. Thanki yake imalowa malita 20. Mwa kuwerengera kwanga, ndikamayenda ndekha pa liwiro la makilomita 80 mpaka 100 pa ola, lita imodzi imandifikitsa makilomita 23 kapena 24, ndipo tikakhala awiri ndi katundu imatsikira cha pa 21. Ulendo wochoka ku Zomba kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza mpaka ku Lilongwe, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 290, ndimautha ndi thanki imodzi, petulo n'kutsalako wokwana kuyendera mu mzinda. Munthu amene anaimapo pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka amvetsa kufunika kwa kudutsa Balaka osayang'ana ngati pampu ili ndi mafuta.

Pali zimene ndinataya posinthapo, ndipo sindizibisa. Choyamba ndi chitetezo ku mphepo. Galasi la V-Strom ndi laling'ono, limasunthika m'malo atatu koma pofunika sipanala, ndipo m'mwezi wa July podutsa ku Dedza kuzizira kumandipeza m'mapewa ndi m'mawondo. Ndinazolowera kuvala jekete yokhuthala, basi. Chinanso ndi tcheni. Amene anazolowera shafuti amaiwala kuti tcheni chimafuna kutsukidwa, kudzozedwa ndi kukokedwa, ndipo fumbi la mwezi wa October likasakanikirana ndi mafuta limasanduka phala lomwe limadya tcheni ndi masipuloketi. Ine ndimachitsuka ndi parafini ndi kaburashi Loweruka lililonse limene ndayenda kufumbi, ndipo ndinagula mwendo wapakati woimikira njinga, womwe umagulidwa padera, kuti tayala lakumbuyo lizizungulira momasuka pogwira ntchitoyi. Imanditengera mphindi 15. Poyamba ndinkaiona ngati chintchito, koma ndi pa nthawi imeneyi pamene ndimaona nati yomasuka kapena tayala loyamba kutha zisanandipezetse vuto panjira.

Mayi a kunyumba nawo ali ndi mbali yawo. Akuti chishalo cha njinga yakale chinali chotakata ndiponso chofewa, ndipo pa V-Strom amafuna tiziima pakatha maola awiri kuti awongole miyendo, zomwe timachita pa Liwonde kapena pa Ntcheu. Koma iwo omwewo ndi amene amanena kuti masiku ano amakwera mtima uli m'malo, chifukwa amaona kuti ndikaima pamalo opendekeka njinga ndimaigwira ndine. Ndinaika bokosi lakumbuyo lokhala ndi kotsamira, ndipo ulendo wa ku Monkey Bay tinauyenda popanda dandaulo.

Pa nkhani ya masipeya ndisakunamizeni kuti mukalowa m'sitolo za ku Zomba mukapeza za V-Strom. Sitolo zathu zimasunga za njinga za kabaza, chifukwa ndi zimene zili ndi msika. Kusiyana kwake n'kwakuti zimene njingayi imafuna kawirikawiri, monga mafyuluta, mapulagi, mabuleki padi, tcheni ndi masipuloketi, n'zofala ku South Africa popeza injiniyi yakhala ikupangidwa kwa zaka zoposa 20, ndipo n'zazing'ono moti wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Joni amazinyamula m'chikwama. Ndimaitanitsiratu zisanathe n'kusunga m'kabati. Makaniko wanga uja anaigwira koyamba posintha oyilo, ndipo atamaliza anangoti, "Iyi ndiye tizimvana nayo, achimwene." M'miyezi 18 imeneyi njinga sinagonepo kugalaja. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse mwa kufuna kwanga chifukwa cha fumbi ndi kutentha, fyuluta ya mpweya ndasintha kamodzi, mabuleki padi akumbuyo kamodzi, ndi tayala lakumbuyo kamodzi. Matayala ndiwo ofunika kuwakonzekera msanga, chifukwa saizi ya 110/80 R19 kutsogolo ndi 150/70 R17 kumbuyo siipezeka mwachisawawa kuno, ndipo tayala si chinthu chopatsira munthu m'chikwama.

Kwa amene maulendo ake onse ndi a pa phula labwino, ali ndi galaja yodziwa njinga yake pafupi, ndipo amayenda awiri nthawi zonse, njinga yaikulu idzamusangalatsa kuposa iyi, ndipo sindingamuuze kuti asinthe. Ine ndimakhala m'tsinde mwa phiri, abale anga ali kumudzi kumene phula silinafike, ndipo nthawi zambiri ndimayenda ndekha, choncho V-Strom 650XT ndaipatsa nyenyezi zinayi ndi theka mwa zisanu, theka lotsalalo ndalisungira mphepo ya ku Dedza ndi chishalo cha mayi. Mvula ikatha tikufuna kuyenda msewu wa m'mphepete mwa nyanja kudzera ku Salima ndi Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, ndipo tcheni chatsopano ndi masipuloketi ake zafika kale, zikudikira m'kabati.