Auramine, Ziehl-Neelsen kapena GeneXpert poyeza makhololo kuno ku Kasungu

Anzathu a m'malabu amafunsa kawirikawiri kuti pa njira zitatuzi adalire iti pofufuza TB. Ziehl-Neelsen tonse timaidziwa: kupaka makhololo a pa silaidi utoto wofiira wa carbol fuchsin, kutenthetsa mpaka nthunzi, kenako kutopetsa maso pa maikulosikopu pa 1000x ndi mafuta. Chabwino chake n'chakuti silaidi siizilala msanga, basi.

Auramine ndi utoto wowala. Kuwala kwabuluu kwa LED kukaugunda, tizilombo timaoneka tachikasu mumdima. Mumawerenga pa 200x kapena 400x popanda mafuta, choncho ntchito imatha msanga, ndipo WHO inalimbikitsa maikulosikopu a LED amenewa mu 2011.

Vuto lake, lomwe ambiri salitchula, ndi kuzilala. Utotowu umatha mphamvu ndi kuwala komweko kumene kumauwalitsa. Silaidi yoyanikidwa pawindo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo ikhoza kuoneka yopanda kanthu pamene wodwala ali ndi TB. Pakani auramine ya 0.1% kwa mphindi 20, tsukani ndi acid alcohol ya 0.5% kwa mphindi 3, kenako potassium permanganate ya 0.5% kwa mphindi 1 yokha. Mukapitirira pamenepo, permanganate imazimitsa kuwala kwa tizilombo. Umitsani silaidi pamthunzi, isungeni m'bokosi lotseka, muwerenge pasanathe maola 24. Auramine wosungunula kale akhale m'botolo lakuda. Madzi a pampopi okhala ndi kolorini amasokonezanso kuwalako, ndiye tsukirani madzi a distilled.

 

GeneXpert, makina ofufuza DNA ya tizilombo ta TB, nayo imadalira kuwala. M'katiriji yake yakale ya MTB/RIF, momwe mumathira makhololo, muli mitundu 5 ya timamolekyu timene timawala tikagwirana ndi rpoB, jini ya tizilombo ta TB, ndipo m'maola pafupifupi 2 mumadziwa ngati TB ilipo komanso ngati ikukana mankhwala a rifampicin. Poyeza koyamba palibe yoiposa pa zitatuzi, bola chipinda chisatenthe kupitirira madigiri 30 ndipo magetsi asazime ili pakati pa ntchito. Koma imawerenga DNA ya tizilombo takufa tomwe, choncho siingakuuzeni ngati mankhwala akugwira. Pa mwezi wa 2, wa 5 ndi wa 6 wodwala akumwa mankhwala mudzabwererabe ku silaidi, ndipo pamenepo sankhani auramine ngati muli ndi bokosi lotseka komanso nthawi yowerenga tsiku lomwelo.