Bedi Liikidwe Pati: Feng Shui Kapena Vastu Shastra?

Ku China ndi ku India kuli chikhulupiriro chakalekale chakuti malo amene mwaika bedi amakhudza tulo ndi mtendere wa m'nyumba, koma poyambira pake mpomwe amasiyana.

Feng shui ya ku China, dzina lotanthauza "mphepo ndi madzi", imasamala kwambiri za khomo. Kumutu kwa bedi kutsamire khoma, osati pansi pa zenera. Wogonayo azitha kuliona khomo, koma miyendo isaloze khomolo mwachindunji, poti umo ndi mmene maliro amatulutsidwira m'nyumba. Galasi loyang'anizana ndi bedi nalonso salifuna.

Vastu shastra ya Ahindu imayendera mbali za dziko: mutu uloze kumwera kapena kum'mawa, kumpoto ayi, ndipo chipinda cha eni nyumba chikhale kumwera chakumadzulo.

Kwa munthu wa lendi, vastu njovuta. Chipindacho munachipeza chomangidwa kale, ndipo alandilodi sangakugumulireni khoma. Feng shui mutha kuitsata Loweruka limodzi, kungokoka bedi basi. Za khomazo ndimagwirizana nazo ndithu: mutu ukakhala pansi pa zenera, kachisanu ka mu Juni kamakupezani usiku wonse, bulangete likhale lochindikala bwanji.