Kabokosi nkabwino, koma wogulitsayo ayi ndithu

Ndakhala nako milungu itatu ka step-up aka, kathiransifoma kokweza mphamvu ya mawu ochokera ku singano ya galamafoni, kokhala ndi switch ya 1:10 ndi 1:30 (kukweza ka 10 kapena ka 30). Cartridge yanga, kamutu kogwira singano kaja, ndi Denon DL-103, imatulutsa 0.3 mV basi ndiye ukailumikiza ku phono ya MM (polowera mawu a galamafoni pa amp, pofuna cartridge yamphamvu kuposa iyi) popanda thiransifoma mawu amangomveka ngati kunong'ona.

Chandilembetsa ndi wogulitsa uja. Pogula anandiuza motsimikiza kuti ndiike pa 1:30, eti gain, kukweza mphamvu kuja, ikachuluka mawunso amakoma. Ndalumikiza, ndaika chimbale chomwe ndimachidziwa ngati dzina langa, abale inu, woimba ngati wadzifunditsa bulangete kumutu, ma cymbal kuzimiririka, kuwonjezera apo ka mmmm kosatha mu sipika. Ndamulembera, masiku awiri zii, kenako yankho lake akuti singano yanu yatha bwana mugule ina, tili nazo. Singano yosakwana ndi maola 50 omwe! Ndinapsa mtima moti ndinakabweza m'katoni kuti mawa kabwerere kwawo.

Usiku tulo osabwera ndinatenga pepala nkuwerengetsera ndekha. Phono ya MM ndi 47k, kutanthauza ma ohm 47,000 (muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa), ndipo cartridge imaona 47,000 wogawidwa ndi ratio (10 kapena 30 uja) kawiri. Pa 1:30 ndi 47,000 kugawa 900, ma ohm 52 okha, pomwe DL-103 payokha ili ndi 40. Kuikanyanga pakhosi kumeneko. Pa 1:10 imaona 470 ndipo imapereka 3 mV, zokwanira bwinobwino. Ndinakatulutsanso m'katoni muja, kutembenuza switch, mawu kutseguka nthawi yomweyo. Ka mmmm kaja nako vuto ndinali ine, ndivomere, ndinakasanjika pamwamba pa amp pomwe pali thiransifoma yamagetsi. Nditakasunthira pambali nkumangitsa waya wa ground kanatheratu.

Ndiye ndakhala ndikusinthanitsa ndi step-up yanga yakale, nayonso 1:10, chimbale chomwecho volume yomweyo. Yakale ija bass yake ndi yonenepa, mawu a munthu amabwera pafupi ofunda, koma zida zikachuluka imaziphatikiza ngati phala. Katsopanoka kamalekanitsa, ng'oma imagunda nkusiya pomwepo osakoka mchira, mpaka ndinamva woimba akukoka mpweya asanayambe ndime yachiwiri, zaka zonsezi sindinkadziwa kuti zilimo. Kuipa kwake sikabisa kanthu, chimbale chojambulidwa mopyapyala chimalasa m'makutu, pamenepo ndimaisowa yakale ija.

Kabokosi ndikupatsa nyenyezi 4, ndachotsa imodzi chifukwa mulibe ndi kapepala komwe kofotokoza za ma ohm. Wogulitsayo ndinamutumizira masamu anga aja, ma tick awiri abuluu, mpaka lero sanayankhe.