Santorum kapena Romney: Funso Lomwe Linavuta Osunga Mwambo mu Chipulula cha 2012

Pa 3 Januwale 2012, otsatira chipani cha Republican m'chigawo cha Iowa ku America anasonkhana m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'maholo kuti ayambe kusankha munthu wokapikisana ndi Pulezidenti Barack Obama. Usiku womwewo kunalengezedwa kuti a Mitt Romney aposa a Rick Santorum ndi mavoti 8 okha, koma zotsatira zitatsimikizidwa patatha masabata awiri, kunapezeka kuti a Santorum ndiwo anali patsogolo ndi mavoti 34. Kuyambira pamenepo, wosunga mwambo, kutanthauza munthu amene amaika nkhani za mwana wosabadwa, za ukwati ndi za chipembedzo patsogolo pa nkhani za misonkho, anali ndi funso lomusautsa: avotere amene wakhala akumenyera zimenezi kwa zaka zambiri, kapena amene akuoneka kuti angathe kugonjetsa a Obama?

Pa nkhani yochotsa mimba, mbiri za amuna awiriwa zinali zotalikirana kwambiri. A Santorum, omwe anali seneta wa Pennsylvania kuyambira 1995 mpaka 2007, ndiwo anatsogolera bilu yoletsa njira ina yochotsera mimba yomwe yakula kale, imene Pulezidenti George W. Bush anaisainira mu 2003 ndipo khoti lalikulu la dzikolo linaivomereza mu 2007. A Romney, popikisana ndi a Ted Kennedy pa mpando wa useneta mu 1994, komanso pofuna ubwanamkubwa wa Massachusetts mu 2002, analonjeza kuti sadzakhudza ufulu wa mayi wochotsa mimba. Anadzalengeza kuti asintha maganizo mu 2005, zaka zitatu chisanafike chipulula chawo choyamba cha upulezidenti. Munthu amasinthadi, ndipo sindinganene kuti kutembenuka kwawo kunali kwa chiphamaso. Chokhacho n'chakuti wovota analibe ntchito zambiri zoti aziyeze, anali ndi mawu. Ngakhale mu 2011, bungwe la Susan B. Anthony List litapempha opikisana kusainira lonjezo lake lolimbana ndi kuchotsa mimba, a Santorum anasainira pamene a Romney anakana, ponena kuti lonjezolo linali lotambalala mopyola muyeso.

Pa za ukwati kusiyana kunali kochepa. Maukwati a amuna kapena akazi okhaokha anayamba ku Massachusetts mu 2004 a Romney ali bwanamkubwa, koma zimenezo zinachokera ku chigamulo cha khoti chimene iwo anachitsutsa poyera. Onse awiri ankafuna kuti malamulo aakulu a dziko anene kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi.

Komabe, si bwino kujambula a Santorum ngati munthu wopanda banga pamaso pa anthu a mbali yawo. Mu 2004 anathandiza a Arlen Specter, seneta mnzawo amene ankagwirizana ndi ufulu wochotsa mimba, kugonjetsa a Pat Toomey mu chipulula cha ku Pennsylvania. Mu 2009 a Specter anasamukira ku chipani cha Democratic ndipo voti yawo inathandiza kudutsitsa lamulo la zaumoyo la a Obama. A Romney anaikumbutsa nkhaniyi pa mtsutso wa ku Arizona mu Febuluwale 2012, ndipo inawapweteka a Santorum. Kuonjezera apo, a Santorum omwewo anavomereza a Romney mu chipulula cha 2008 monga wosunga mwambo woyenera kuposa a John McCain, choncho kunali kovuta kuti patangopita zaka zinayi awakane kotheratu.

Nkhani ya mpingo inayenda mosiyana ndi mmene ambiri akanaganizira. A Santorum ndi Mkatolika, a Romney ndi a mpingo wa Mormon, ndipo gulu lalikulu la ovota osunga mwambo linali la Akhristu achievanjeliko, omwe sanali a mpingo wa aliyense mwa awiriwa. Achievanjelikowo anakhamukira kwa Mkatolika, makamaka atsogoleri awo atakumana ku Texas pakati pa mwezi wa Januwale n'kugwirizana zothandiza a Santorum, pamene Akatolika a ku Michigan ndi Ohio, malinga ndi kafukufuku wa ovota potuluka, anakondera a Romney. Zikuoneka kuti chimene chinkakoka anthu chinali kulimba mtima kwa munthu pa nkhani za makhalidwe, osati dzina la tchalitchi chomwe amapemphera. Mgwirizano wa ku Texas unachedwanso: patangotha sabata imodzi, South Carolina inapita kwa a Newt Gingrich, ndipo mavoti a osunga mwambo anapitiriza kugawikana.

Pa ndalama ndi dongosolo la kampeni, a Romney analibe wofanana nawo. Anali atachita bizinesi ku Bain Capital, anayendetsa masewera a Olympics a ku Salt Lake City mu 2002, ndipo gulu la Restore Our Future linkawalipirira mauthenga a pa kanema onyoza opikisana nawo m'chigawo chilichonse chofunika. A Santorum anapambana ku Iowa poyenda m'maboma onse 99 a chigawocho n'kumayankhula ndi anthu maso ndi maso, koma njira yotereyi siitheka m'dziko lonse. Analephera kulowa pa pepala lovotera ku Virginia, ndipo ku Ohio sanakwanitse kulembetsa nthumwi zokawavotera ku msonkhano waukulu wa chipani m'madera ena. Ngakhale zinali choncho, anatenga Colorado, Minnesota ndi Missouri tsiku limodzi pa 7 Febuluwale, anaperewera pang'ono ku Michigan kumene a Romney anabadwira, anagonja ndi mavoti ochepa ku Ohio, kenako anatenga Alabama, Mississippi ndi Louisiana. Pofika pa 10 Epulo, pamene anaimitsa kampeni yawo ku Gettysburg, anali atapambana m'zigawo 11, koma a Romney anali atawasiya kutali pa ulendo wofika pa nthumwi 1,144 zofunika kuti munthu aimire chipanicho.

Mfundo yaikulu ya otsatira a Romney inali yakuti a Santorum sakanapambana mu Novembala, ndipo mfundoyi inali ndi maziko. Mu 2006 anataya mpando wawo kwa a Bob Casey Jr. ndi kusiyana kwa pafupifupi mavoti 18 pa 100 alionse, m'chigawo cha kwawo komwe. Mawu awo okayikira njira zakulera, ndiponso kudzudzula kwawo zimene a John F. Kennedy anayankhula mu 1960 zolekanitsa mpingo ndi boma, zikanathawitsa ovota ambiri a pakatikati. Ndikukhulupirira kuti a Santorum nawonso, monga a Romney, akanagonja kwa a Obama, mwina koposa.

Chikhalirecho, ndikuona kuti wosunga mwambo amene anavotera a Santorum anawerengera bwino kuposa mnzake amene anathamangira kwa a Romney. Chipulula ndi nthawi yokhayo imene gulu la mkati mwa chipani limatha kuonetsa kukula kwake, chifukwa pa chisankho chachikulu anthu amenewa amavotera aliyense amene chipani chamuimika. Zinaterodi mu 2012: pafupifupi 78 mwa azungu achievanjeliko 100 alionse anavotera a Romney mu Novembala, ngakhale ambiri a iwo anawakana m'miyezi ya chipulula. Popeza voti yawo ya mu Novembala inali yodziwika kale, chida chokhacho chimene anali nacho m'manja chinali voti ya kumayambiriro kwa chaka, ndipo amene anaipereka msanga poyerekeza kuti akusankha wopambana anaisinthanitsa ndi chinthu chimene palibe akanawatsimikizira. Pa 6 Novembala a Obama anapeza mavoti 332 a nthumwi zosankha pulezidenti, a Romney 206, ndipo Ohio, Pennsylvania, Michigan ndi Iowa zonse zinapita kwa a Obama.