Chakudya cha m'thumba kapena nyama yaiwisi: galu wamkulu adye chiti?

Muli ndi Boerboel kapena German Shepherd kuno ku Mzuzu? Ganizani bwino musanasiye chakudya chouma cha m'thumba.

Cha m'thumba n'chosavuta, mumangoyeza n'kuthira m'mbale. Koma n'chodula, ndipo chinyezi cha kuno chimachichititsa nkhungu thumba likasiyidwa chotsegula.

Nyama yaiwisi ndi ntchito. Galu wa makilogalamu 40 amadya pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku, ndipo si mnofu wokha ayi. Pamafunika mafupa aawisi ofewa monga makosi a nkhuku, chiwindi pang'ono ndi zam'kati zina. Mnofu wokhawokha ulibe kashiamu (mchere wolimbitsa mafupa) wokwanira, choncho kagalu kamene kakukula kangathe kupindika miyendo. Fupa lophika lokha musayerekeze, limasweka n'kubaya matumbo.

Kusunga: thumba limangofuna malo ouma, nyama imafuna firiji, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali yawonongeka.
Ukhondo: nyama yaiwisi ingabweretse nyongolotsi ndi Salmonella, tizilombo todwalitsa agalu ndi anthu omwe.

Ngati pakhomo pali ana aang'ono kapena mulibe firiji, khalani pa cha m'thumba. Nyama yaiwisi ikuyenera amene ali ndi bucha yodalirika komanso dokotala wa ziweto wowalangiza, ndipo asinthe chakudya cha galuyo pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10.