Ntchito ya Ripple Africa pagombe lathu

Ine ndimagula nsomba pagombe kuno ku Nkhotakota, ndiye ntchito ya Ripple Africa, bungwe lothandiza kuteteza nsomba za m'nyanja, ndaiona ndi maso angawa. Chimene ndimawayamikira n'choti sayenda okha. Amakhala pansi ndi alangizi a boma a zausodzi, mafumu ndi makomiti a pagombe, malamulo n'kumangidwa ndi ife eni nyanja.

Kale anyamata ankakoka ndi masikito, n'kuvuula kasawala (tiana ta chambo) wosakwana ndi chala chomwe, beseni lodzaza tho. Mtima unkandiwawa. Pano komiti ikapeza neti yotero imalanda, ndipo malo oswanirana chambo amalondera.

Miyezi yotseka nyanja imawawa m'thumba, sindinama, ana amadyera masamba okhaokha. Koma chambo chimene ndinagula sabata yatha mchira wake unachita kutulukira kunja kwa mbale.