Mchenga wa ku Bua ndi dothi logula m'thumba: chomwe chinafotetsa paulownia wanga

Anzanga angapo kuno ku Kasungu akhala akundifunsa chifukwa chake mbande zawo za paulownia, mtengo wa matabwa womwe timabzala ndi zidutswa za mizu yake, zikufota pomwe zinaphuka bwinobwino. Ena amanamizira chiswe, ena amati mtengo wochokera ku China sungapirire dzuwa lathu. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti mizuyo anaikwirira mu chiyani, chifukwa njira zonse ziwiri, mchenga ndi dothi logula m'thumba, ndinaziyesa ndekha.

Mu Ogasiti ndinadula zidutswa 40 za mizu, zonenepa ngati chala, zotalika masentimita 10 kapena kupitirira pang'ono. Theka ndinaika m'machubu a dothi lakuda lomwe ndinagula ku Lilongwe, theka lina mu mchenga wokhakhala wa mu mtsinje wa Bua wosakaniza ndi dothi lapamwamba pang'ono. Wogulitsa uja anandiuza kuti dothi lake lili ndi zonse, changa n'kuthirira basi.

Poyamba dothi logulalo linandisangalatsa. Mphukira zinatuluka msanga, masamba aakulu obiriwira. Koma chidutswa cha muzu chimaphuka ndi chakudya chomwe chinasunga kale m'kati mwake, timizu tomwera madzi timabwera pambuyo. Dzuwa litayamba kuswa mtengo, masamba aja ankagwa nkhope masana, ine n'kumaonjezera madzi m'mawa ndi madzulo poganiza kuti ndi ludzu. Dothilo limasunga madzi ngati thonje. Tsiku lina ndinang'amba chubu chimodzi, ndinapeza muzu wada bii, wafewa, khungu likusendeka ndi chala, fungo lake ngati chinangwa chovuula chomwe chagonera. Mwa 20 zija zinapulumuka zitatu.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi ndalama zomwe sindinaziwerengere. Nditabwerera kukadandaula, anandigulitsanso mankhwala opha fangasi, osandiuza kuti muzu ukaola palibe mankhwala oudzutsa. Muonjezere thiransipoti ya ulendo wachiwiriwo ndi machubu omwe ndinang'amba. Dothilo mwina ndi labwino pofesa tomato, koma mizu yanga sidzalowamonso.

Mchenga mtengo wake ndi thukuta ndi wilibala. Madzi amadutsa, mpweya umafika ku muzu, ndipo zidutswa 16 zinagwira. Vuto lake umauma msanga, moti mu Okutobala simungadumphitse tsiku osaupima ndi chala. Chakudya mulibenso chokwanira, choncho timizu toyera tikangodzaza m'chubu muziokera pa dothi la manyowa oola bwino. Dothi lomwe ndinasakaniza ndi mchengawo ndinayamba ndalitentha ndi mapesi a chimanga, monga amachitira achikulire athu pa nazale ya fodya.

Kulemera kwa machubu a mchenga ndiye kulipo, mukamasuntha msana umadziwa.

Mbande ikafota musathamangire keni. Ioneni madzulo. Ngati yadzuka dzuwa litapepa, muzu uli moyo, masamba angochulukira timizu: ikani pansi pa shedi ya udzu, dulani theka la masamba aakuluwo, madzi akhale omwewo. Ngati yafotabe m'mawa pomwe dothi lili lonyowa, fukulani. Muzu wakuda ndi wofewa tayani pamodzi ndi dothi lake. Chiswe chimadziwika, chimasiya muzu wobooka m'kati ndi timichenga tomata pakhungu.

Zina ziwiri n'zofanana, kaya mwasankha dothi liti. Mizu ya paulownia mukaidula muziisiya pa mthunzi masiku awiri kapena atatu kuti mabala aume musanakwirire. Ndiponso mbali yomwe inali pafupi ndi tsinde ndiyo iyang'ane kumwamba. Ine ndimadula kumwamba mowongoka, kumunsi mopendeketsa, kuti ndisasokoneze, chifukwa mwa zinayi zomwe zinakanika mu mchenga, ziwiri ndinazipeza nditazibzala chadodolido.